MAITANIDWE NDI ALAWANSI: Kuunika Mau Awiri pa Nkhani ya Malipiro a Antchito a m'Zipatala

1. Nkhani imene tikuunika

Nthawi zonse anamwino, azamba ndi madokotala a m'zipatala za boma akadandaula za kuchepa kwa malipiro awo, pamamveka mau awiri. Oyamba amatuluka kawirikawiri pakamwa pa ife a Mpingo, ndipo ndi akuti "maitanidwe": timati kusamala odwala ndi maitanidwe ochokera kwa Mulungu, tsono munthu woitanidwa asamawerenge makwacha. Achiwiri amatuluka m'maofesi a boma, ndipo ndi akuti "alawansi": akuluakulu amati malipiro enieni sangakwere chaka chino, koma tiikapo kangachepe pambali. Mau awiriwa amaoneka otalikirana, popeza ena ndi a pa guwa pamene ena ndi a ku Capital Hill. Koma ife tikuganiza kuti akagwiritsidwa ntchito molakwika amabala chipatso chimodzi: amasandutsa ngongole kukhala mphatso. Chimene wantchito anayenera kulandira ngati chake, amachilandira ngati chaulere chimene ayenera kuchiombera m'manja.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ansembe ndi aseminale pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndife amene timalalika za maitanidwe, ndipo mau athu amalowa m'mitima ya akhristu ndi kukhazikika m'menemo. Chachiwiri, Eklezia ali ndi zipatala zakezake. Bungwe la CHAM, limene eni ake ndi Maepiskopi athu pamodzi ndi mipingo ya mu Malawi Council of Churches, limapereka pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Ambiri mwa ife tidzakhala m'makomiti oyendetsa zipatalazo. Choncho tikuweruza mlandu umene ifenso tili nawo mbali.

2. Zimene zachitika kuyambira 2004

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinthu zinali zitafika pothina m'zipatala za m'Malawi. Edzi inali itadzaza mawodi, ndipo inali kutenganso antchito a m'zipatala momwemo. Anamwino odziwa ntchito anali kupita ku Britain, ena kulowa m'mabungwe omwe si a boma amene ankalipira bwino. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund, linakonza ndondomeko ya zaka 6 yotchedwa Emergency Human Resources Programme. Kuyambira mu Epulo 2005 magulu 11 a antchito a zaumoyo anawonjezeredwa K52 pa K100 iliyonse ya malipiro awo. Sukulu zophunzitsa antchitowa zinakulitsidwa, ndipo madokotala odzipereka ochokera kunja anabwera kudzatseka mipata kwa kanthawi.

Lipoti lounika ndondomekoyi limene linatuluka mu 2010 linasonyeza kuti antchito a m'magulu 11 aja anachoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009, ndipo madokotala okha anachoka pa 43 kufika pa 265. Nzoona kuti ambiri mwa iwo anali atsopano ochokera m'sukulu zokulitsidwa zija. Koma kuphunzitsa anthu popanda kuwasunga ndi kutungira madzi m'dengu. Ndalama yowonjezera ija ndiyo inathandiza kumata dengulo, kuti achinyamata afune ntchitoyi ndiponso kuti ophunzira kale akhale. Palibe amene anatulukira ulaliki watsopano wa maitanidwe m'zaka zimenezo. Chimene chinasintha ndi chakuti namwino anatha kugula chimanga ndi kulipira nyumba.

Komabe ndondomekoyi inali ndi chilema chimene dzina lake lomwe linali kuulula. Inali ya pangozi, ndalama yake yambiri inali yochokera kunja, ndipo chowonjezera chija chinaikidwa pambali pa malipiro enieni. Pambuyo pake kwacha inagwa kangapo: mu Meyi 2012, mu Meyi 2022, ndiponso mu Novembala 2023 pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utangofika, antchito a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a m'zipatala zina ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi kukwera kwa alawansi ya ntchito yoika moyo pachiswe, imene kwa ambiri inali K1,800 pa mwezi. Boma linaikweza, koma ntchito itaima kale. Mu Juni 2024 mabungwe a NONM ndi PAUM, oimira anamwino ndi azamba ndiponso ma clinical officer ndi ma medical assistant, anaitanitsanso kunyanyala pa nkhani ya maalawansi, ndipo boma linathamangira kukhoti kuti liwaletse. Potsiriza, mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, antchito a zaumoyo amene malipiro awo ankachokera ku thandizolo anaona okha kuti mudzi wawo unamangidwa pa nthaka yobwereka.

Tikayang'ana zaka 20 zimenezi tikuona njira imodzi yobwerezabwereza: mitengo ikwera, antchito adandaula, palibe ayankha, anyanyala, kenaka patuluka alawansi, alawansiyo idyedwa ndi mitengo, ndipo gule ayambiranso.

3. Chilema cha mau akuti "alawansi"

Thomas Aquinas Woyera amaphunzitsa kuti chilungamo ndi mtima wokhazikika wofuna kupatsa munthu aliyense chimene chili chake. Pofotokoza za mphotho, amati kupereka malipiro a ntchito ndi chilungamo chofanana ndi kupereka mtengo woyenera wa chinthu chimene wagula. Tsono malipiro sali m'gulu la zachifundo. Wolemba ntchito akalipira, sanapatse wantchito kanthu kake ka iye mwini. Wangobweza chimene chinali kale cha wantchitoyo. Nchifukwa chake Deuteronomo 24 amalamula kuti mmphawi wolembedwa ntchito alandire zake dzuwa lisanalowe, ndipo kalata ya Yakobe imati malipiro obisidwa amafuula mpaka kwa Mulungu. Katekisimu wa Eklezia amaika kumana wantchito malipiro ake m'gulu la machimo ofuulira kumwamba.

Alawansi payokha si yoipa. Munthu wogwira ntchito usiku, kapena wokhala kutali ndi msewu ndi magetsi, kapena wogwira odwala kolera, nkoyenera kuti alandire china chapadera. Vuto limabwera pamene alawansi ilowa m'malo mwa malipiro. Pamenepo pamabuka zoipa zitatu. Choyamba, alawansi ya chiwerengero chokhazikika imafota chaka ndi chaka popanda wina kulamula kuti ichepe. K1,800 ija tsiku lina inali ndalama. Kutsitsa malipiro poyera kungadzetse chipolowe, koma kungoisiya alawansi pomwe ili mitengo ikukwera ndi kutsitsa komweko kochitika mwakachetechete. Chachiwiri, alawansi imaperekedwa monga momwe wopereka wafunira, ndipo imatha kuchedwa kapena kuchotsedwa mosavuta. Wantchito sangamangirepo tsogolo la banja lake. Chachitatu, ndipo ichi nchoopsa, imaphunzitsa anthu kuti ndalama ili kumisonkhano ya m'mahotela ndi ya kunyanja, osati pa bedi la wodwala. Wantchito wa malipiro ochepa akaona kuti masiku atatu a maphunziro a kunyanja amampatsa zoposa usiku wambiri wa m'wodi, tisadabwe mtima wake ukapendekera komweko. Kachitidwe kotere kamalanga wokhulupirika ndi kupatsa mphotho wothawa wodi.

Wina angati: koma antchitowa anasaina okha kalata ya ntchito, akudziwa malipiro ake. Apapa Leo XIII anayankha kale funso limeneli mu 1891 m'kalata yawo Rerum Novarum. Iwo anati pali chilungamo cha chibadwa choposa mgwirizano wa anthu awiri, ndipo wantchito akavomera malipiro osakwanira chifukwa cha umphawi kapena mantha, ndiye kuti wangoponderezedwa. M'dziko limene boma ndilo lolemba ntchito lalikulu la anamwino, ndipo ena omaliza maphunziro amakhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kulembedwa, kuvomera kotereku kuli ngati kwa munthu wogulitsa mbuzi m'nyengo ya njala.

Apapa John Paul II, mu Laborem Exercens ya 1981, anawonjezera mfundo yotithandiza kwambiri. Anasiyanitsa wolemba ntchito wooneka ndi wolemba ntchito wosaoneka, ndiye kuti malamulo, mabungwe ndi maiko amene amakonza m'mene malipiro angakhalire ngakhale sasaina kalata ya ntchito. Kwa namwino wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, wolemba ntchito wosaoneka ndi Nyumba ya Malamulo imene imagawa bajeti, mabungwe obwereketsa ndalama amene amafuna kuti boma lichepetse ndalama za malipiro, ndiponso maiko olemera amene amalandira anamwino ophunzitsidwa ndi misonkho ya alimi athu. Onsewa ali ndi mbali pa ngongoleyi.

4. Chilema cha mau akuti "maitanidwe"

Tsopano tibwere kwathu. Palibe angakane kuti kusamala odwala ndi maitanidwe. Ambuye Yesu anadziika okha m'malo mwa wodwala pa chiweruzo chotsiriza cha pa Mateyo 25. Funso ndi lakuti: kodi maitanidwe amachotsa malipiro?

Tikuganiza kuti chisokonezo chinachokera m'mbiri yathu yomwe. Anamwino oyamba amene anthu ambiri a m'midzi anawaona anali asisitere, monga a Daughters of Wisdom ndi a White Sisters, amene anafika m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Iwo ankagwira ntchito usana ndi usiku osalandira kanthu m'manja mwawo, ndipo tiyenera kuwathokoza mpaka kalekale. Koma tiziona bwino. Sisitere analumbira umphawi mwa ufulu wake, ndipo chipani chake chinkamdyetsa, kumveka, kumsamala akadwala ndi kumsunga akakalamba. Analibe lendi, analibe fizi ya ana, analibe abale a kumudzi oyembekeza fetereza kwa iye. Namwino wa lero kawirikawiri ndi mai kapena bambo wa pabanja. Maitanidwe ake oyamba, amene tinawadalitsa tokha pa sakramenti la ukwati, ndi kulera banjalo. Kumuyeza ndi muyeso wa sisitere ndi kumsenzetsa lumbiro limene sanalumbire, popanda kumpatsa chipani chomsamala. Umphawi wosankha ndi ukoma. Umphawi wokakamizidwa ndi chisalungamo, ndipo sitingauyeretse pouveka dzina lopatulika.

Makolo athu sanasokoneze zinthu ziwirizi. Ankakhulupirira kuti using'anga umadza kwa munthu ngati mphatso, nthawi zina kudzera m'maloto kapena m'matenda. Komabe wopita kwa sing'anga ankapereka chipondamthengo, pozindikira kuti munthuyo asiya khasu lake, alowa m'thengo, alasidwa ndi minga pokakumba mitsitsi. Wodwala akachira pankakhalanso chiyamiko. Mzamba wa m'mudzi naye sankabwerera chimanjamanja. Kwa makolo, kupatulika kwa ntchito kunali chifukwa choperekera ulemu wooneka ndi maso. Aquinas amagwirizana nawo, pakuti pofunsa ngati nkololedwa kuti woimira anthu pa milandu alandire malipiro, amavomera, nanena kuti ndi chimodzimodzinso kwa sing'anga wochiza odwala, malinga malipirowo akhale oyenera.

Fanizo la Msamariya wachifundo pa Luka 10 timalikonda pa miyambo yotsazikana ndi anamwino omaliza maphunziro, ndipo timawauza kuti akhale ngati Msamariyayo. Koma tiwerenge fanizoli mpaka kumapeto. Msamariya anasamala wovulala usiku umodzi, m'mawa mwake napitiriza ulendo. Amene anatsala ndi wodwala, kumtsuka mabala ndi kumdyetsa tsiku ndi tsiku, anali mwini nyumba ya alendo. Ndipo Msamariya sanamlalikire za maitanidwe. Anatulutsa ndalama ziwiri zasiliva, zofanana ndi malipiro a masiku awiri, nalonjezanso kudzabweza zonse zimene zidzawonongedwe moposerapo. M'fanizoli wofanana kwambiri ndi namwino ndi mwini nyumbayo, ndipo pa malo a Msamariya pali ife tonse, mtundu wa a Malawi, amene timatula odwala athu pakhomo la chipatala. Chifundo cha Msamariya chinafika mpaka m'thumba mwake, ndipo anaganizira ngakhale za kukwera kwa ndalama zofunika.

Ife ansembe tiyenera kukhala omalizira kukana mfundoyi. Paulo Woyera pa 1 Akorinto 9 amateteza ufulu wa wolalika Mthenga Wabwino kuti adye za ntchito yake. Iye mwini anausiya ufuluwo, koma anausiya yekha, ndipo sanalamule ena kuti ausiye. Ife timalandira chakudya, nyumba ndi za Misa, ndipo palibe amati maitanidwe athu achepa chifukwa cha zimenezo. Tingamuuze bwanji mai wa ana anayi kuti kufunsa za malipiro ndi kusowa chikondi?

5. Zimene otsutsa anganene

Pali mfundo zitatu zolemera zimene sitiyenera kuzilambalala.

Yoyamba ndi yakuti boma ndi losauka, ndipo aphunzitsi, apolisi ndi ena akulira chimodzimodzi. Izi nzoona. Apapa Pius XI mu Quadragesimo Anno ya 1931 anati poika malipiro tiyang'ane zosowa za wantchito ndi banja lake, mphamvu za wolemba ntchito, ndiponso ubwino wa anthu onse. Choncho sitikunena kuti namwino wa m'Malawi alandire ngati wa ku London. Koma mau akuti "ndalama palibe" ayenera kuyesedwa. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo dziko lathu zaka zambiri silinafike pamenepo. Mu 2013 kunaululika kubedwa kwa mabiliyoni a kwacha kotchedwa Cashgate. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni yolimbana ndi Covid-19 anapeza kuti ndalama zambiri zinawonongeka pa maalawansi ndi pa kugula zinthu mosatsata malamulo. Bambo wouza ana kuti ufa watha pamene iye akununkha mowa sangakhulupiridwe. Njala ikagwa, onse a m'nyumba achepetse mbamu, kuyambira wamkulu.

Yachiwiri ndi yakuti antchito a m'chipatala akanyanyala, wovutika ndi mmphawi amene sangapite ku chipatala cholipira. Izinso nzoona, ndipo nzowawa. Laborem Exercens imavomereza kunyanyala ntchito ngati njira yomalizira, koma imatinso ntchito zofunika pa moyo wa anthu ziyenera kupitirira nthawi zonse. Mai wobereka ndi mwana wa malungo a mu ubongo sangasanduke chikole pa mkangano wa malipiro, ndipo wosiya wodwala wotere kuti afe ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu. Koma mfundoyi ili ndi mbali yake yachiwiri. Ngati dziko limanga manja a antchitowa chifukwa ntchito yawo njofunika, ndiye kuti ladzimangiriranso udindo wowamvera msanga koposa ena onse ndi kusunga zimene lagwirizana nawo. Kuwaletsa kunyanyala, kenaka nkusawamvera mpaka atanyanyala, ndi kuwaphunzitsa kuti njira yoletsedwayo ndiyo yokha imene imatsegula makutu.

Yachitatu ndi yakuti ena mwa antchitowa ndi amwano, amaba mankhwala, amatenga ziphuphu. Akhristu athu amatidandaulira zimenezi ndipo sitingazibise. Umphawi sufafaniza lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo woba mankhwala a odwala ayenera kulapa ndi kubweza. Komabe chilango cha wakuba ndi bwalo la milandu. Kuchepetsa malipiro a onse kumalanga wokhulupirika pamodzi ndi wolakwa. Ndiponso mzamba mmodzi wosamala wodi yonse usiku wonse, mawa lake nkulowanso lokamu kuti apeze ya sukulu ya ana, tikumpempha ukoma woposa wa anthu wamba. Dongosolo labwino ndi limene munthu wamba angathe kukhalamo wokhulupirika.

6. Udindo wa Eklezia

Pa 8 Malichi 1992 Maepiskopi athu analemba kalata ya m'nyengo ya Lenti imene inagwedeza dziko. Anthu amaikumbukira chifukwa cha ufulu wa ndale, koma inanenanso za kuchepa kwa malipiro a antchito, za kudzaza kwa zipatala ndi za kusowa kwa antchito a zaumoyo. Ndale zinasintha mu 1994, koma mbali imeneyi ya kalatayo ikudikirabe yankho.

Tisanaloze chala ku boma, tiyang'ane m'nyumba mwathu. Sinodi ya Maepiskopi ya ku Roma ya 1971 inachenjeza kuti wolankhula kwa anthu za chilungamo ayambe iye kukhala wolungama pamaso pawo. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 231 ndi 1286, amalamula kuti antchito a Eklezia alandire malipiro okwanira kusamala iwo ndi mabanja awo. Nzoona kuti malipiro a antchito a zaumoyo ambiri a m'zipatala za CHAM amachokera ku boma monga mwa mgwirizano wa mbali ziwirizi. Koma zimenezi sizitichotsera udindo. Nyumba zimene antchitowa amagonamo, masiku awo opuma, ndalama zawo za penshoni, malipiro a alonda, ochapa ndi okolopa, ndiponso ufulu wawo wolowa m'mabungwe a antchito popanda kuonedwa ngati oukira Mpingo, zonsezi zili m'manja mwa makomiti amene ife timakhalamo.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Polalika, tisiye kugwiritsa ntchito mau akuti maitanidwe ngati chotsekera pakamwa anthu odandaula; tiwalalikire anamwino za chifundo, ndipo tsiku lomwelo tilalikire olamula za ngongole. Kudzera m'nthambi yathu ya Chilungamo ndi Mtendere, tilimbikire kuti zowonjezera zimene zakhala zaka zambiri zilowe m'malipiro enieni, ndi kuti pakhale njira yodziwika yowaunikira chaka ndi chaka molingana ndi mitengo ya chimanga, nyumba ndi maulendo, kuti wantchito asamadikire mliri kapena kunyanyala kuti akumbukiridwe. Ndipo m'maseminale mwathu, wophunzira aliyense asanadzozedwe adziwe kuwerenga ndondomeko ya malipiro a chipatala cha mishoni monga amadziwira kuwerenga buku la ubatizo, pakuti tsiku lina adzasaina zonse ziwiri, ndipo adzayankha pa zonse ziwiri.